Kalata yochokera kwa Chulu

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndalandira Lachiwiri, anabwera nayo mlamu wako pamodzi ndi nsapato zija. Zokongola ndithu, koma iwe phazi langa unaliiwala? Kapena ku Joniko mapazi amafota ndi chisanu? Ndawapatsa anaBanda, akuyenda nazo monyada ngati anagula okha.

Wafunsa za kumunda. Mayo ine. Njovu zija anabweretsa kupaki ya Kasungu kuchokera ku Liwonde mu 2022, zonse 263, ndikuona ngati anazilozera munda wanga zisanatsike m'galimoto. Wa aPhiri uli pomwepo, chimanga chake chobereka bwino, koma ayi, zimaulambalala mwaulemu n'kudzadya kwa ine. Tinaimba zitini, tinasonkha moto, tinafukiza tsabola, ine mpaka kuyambitsa nyimbo ya kwaya. Ina inangoima n'kumandiyang'ana ngati wakuba ndine. Kutacha ndinapeza mapazi aakulu ngati lichero, maungu ophwanyika, ndi ndowe zikufuka nthunzi pamene panali mtedza. Ana akuti tizilembetse m'kaundula wa amfumu, poti zimadya pakhomo pano.

Ukuseka eti? Tsiku limenelo n'kuti patangotha masabata atatu tiikire amayi. Ndinakhala pamzere n'kumuuza Mulungu mawu oti sindingalembe pano. Kutchalitchi ndinajomba kawiri, belu ndikulimva.

Kenako Lachinayi lina ndinangoona amayi a Chigwirizano akulowa pabwalo, aliyense mbale ya ufa kumutu. AnaZulu, omwe nawonso njovu zinawapululira, anabwera ndi kambale ka mgaiwa kovundikira ndi nsalu. Sanandilalikire. Anasesa, anatunga madzi, anaphika phala n'kundidikira mpaka nditamaliza.

Usiku wake ndinatenga Baibulo la amayi, osati kuti ndiwerenge, ndimafuna kapepala ka ngongole yawo ya kubanki mkhonde. Linatseguka pa Maliro 3, pamene anaikapo khoko la chimanga. Vesi 22 ndi 23 anazidula mzere ndi pensulo mpaka kutsala pang'ono kuboola pepala: chifundo cha Yehova sichileka, chimaoneka chatsopano m'mawa ndi m'mawa, Iye ngwokhulupirika. Ndipo wolembayo sanalembe ali wokhuta, Yerusalemu anali atapasulidwa, ana akukomoka ndi njala m'makwalala. Ndinalira zenizeni, kuposa kumanda.

Mtima sunapolebe, ndisakunamize. Ndikamva mtondo kwa aneba ndimayesa ndi amayi akusinja. Koma ndasiya kuwerengetsa matumba mpaka kukolola kwina, kumangondidwalitsa mutu. Ndimasuzumira m'chidebe kukacha, ufa wa lero ulimo, ndayamika. Chifereni amayi sitinagonepo ndi njala, ndipo ukandifunsa kuti zikutheka bwanji ndilibe masamu ake.

Kapepala ka ngongole sindinakapezebe, ndiye asungichuma akundipatsa moni wa mbali imodzi.

Tochi yayamba kufiira, agalu nawo akuuwa chakumunda, kaya ndi azilamu angawo abweranso. Nsapato ndimavala 7, ulembe penapake.