Chifuwa cha mdzukulu wangayo usachipeputse

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu ako aja pafoni, akuti mwana wa aneba wapezeka ndi chikuku ndipo mdzukulu wanga ankasewera naye. Iwe unati wakoyo ali ndi chimfine chabe. Ine tulo sindinatione.

Chikuku chimayamba momwemo, ngati chimfine. Pakatha masiku 10 kapena kuposerapo chikhalireni ndi wodwala, thupi limatentha kwambiri, mwana amatsokomola, mamina osaleka, maso n'kufiira mpaka kumathawa kuwala. Umuyasamulitse, uone mkati mwa masaya. Ukaona timadontho toyera ngati timchere, usadikirenso china. Totupa timabwera mochedwa, timayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kumatsikira pachifuwa mpaka kumiyendo. Anthu ambiri amadikira totupato kuti akhulupirire, pomwe mwana amakhala atayamba kupatsira anzake masiku 4 tisanatuluke. Kachilomboka kamayenda mumpweya, ndipo kamatsalira m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatulukamo. Choncho kutchalitchi ndi kumkaka ayambe wapuma, ndipo asayandikire makanda kapena amayi oyembekezera.

Mu 2010 matendawa anagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno. Ndinaona ndi maso angawa ana atagona awiriawiri pabedi limodzi. Chimene chimapha kwenikweni ndi chibayo chobwera pambuyo pake. Uzimuyang'ana pachifuwa akagona. Akamapuma mothamanga, pansi pa nthiti n'kumalowa mkati, akakana kumwa, akayamba kutsegula m'mimba kapena kukomoka, nyamuka nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

Za maso ndikuchonderera. Akubweretsera masamba ndi timadzi tosiyanasiyana kuti umuthire, ukane, ngakhale wobweretsayo akhale apongozi ako. Chikuku chimachititsa khungu, ndipo chimene chimateteza maso ndi vitamini A amene amapereka kuchipatala. Madzi, phala ndi bere usamumane.

Tenga buku lake la kusikelo uone. Katemera wa chikuku ndi kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Woyamba uja ndinakuperekeza ndine, koma wachiwiri sindikukumbuka kuti unandiuzapo. Mawa m'mawa pita naye kuchipatala, ndipo ukangofika uwauze kuti anakhala ndi wodwala chikuku, kuti asakukhazikeni pamzere ndi ana ena. Ukabwerako undiimbire.

Ndine mayi ako.