Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zantchito ku India: khanda si la mayi yekha

Olemekezeka a Dr Mansukh Mandaviya,

Ndine Mmalawi, mayi wa ana awiri, ndipo ndinakhala zaka zitatu mumzinda wa Pune kwanuko ndikuchita maphunziro. Mwina mudabwa kuti mlendo akulowerera bwanji nkhani za m'nyumba ya eni. Chandilimbitsa mtima ndi mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku hositelo, mtsikana wa ku Maharashtra yemwe pa masamu ankatisiya tonse kutali. Lero ali pakhomo, digiri yake ili m'sutikesi pansi pa bedi.

Palibe amene anamuletsa ntchito, ndipo apa mpamene nkhaniyi yavutira. Atalembedwa pa kampani ina ya mapulogalamu a kompyuta anakwatiwa, n'kupita kukakhala kwa makolo a mwamuna monga zimakhalira m'mabanja ambiri kwanuko. Kwathu timati chitengwa. Apongozi ankamunyadira, ankauza alendo kuti mpongozi wawo ndi injiniya. Koma injiniyayo ankadzuka kusanache kukanda ufa wa chapati, kuthira tiyi, kulongedza chakudya chamasana cha mwamuna ndi cha apongozi aamuna, kenako n'kumalimbana ndi mzere wa magalimoto. Madzulo mapoto ankamudikira. Mwamuna wake, munthu wabwino ndithu, akaweruka ankati watopa, ndipo aliyense ankamumvetsa.

Atachira mwana woyamba analandira tchuthi cha masabata 26 ndi malipiro onse, malinga ndi lamulo limene dziko lanu linasintha mu 2017 kuchoka pa masabata 12. Ndinamusirira, pakuti kwathu lamulo limapereka masabata 8 okha. Koma pobwerera anapeza ntchito imene ankatsogolera yapatsidwa kwa mnyamata yemwe iye anamuphunzitsa. Malo osiyako ana, amene lamulo lomwelo limati kampani ya antchito 50 kapena kuposa ikhale nawo, anali kutali moti maulendo anayi okaona mwana patsiku anali a papepala chabe. Anapirira miyezi ingapo, n'kusiya. Mwana atayamba mkombaphala anayesa kufunsira kwina, ndipo pamafunso wina anamuponyera mawu akuseka: wachiwiri abwera liti?

A Nduna, funso limenelo muzu wake uli m'lamulo lanu. Malipiro a miyezi isanu ndi umodzi mwawaika pamutu pa wolemba ntchito yekha. Mwini kampani yaing'ono akaona mtsikana wongokwatiwa kumene amawerengera mumtima, n'kulemba mnyamata, ndipo palibe khoti limene lingamugwire chifukwa sananene kanthu. Chonsecho njira ina muli nayo kale mu unduna wanu womwewo. Antchito olandira marupi osaposa 21,000 pamwezi amene ali pansi pa ESIC, bungwe la boma la inshuwalansi ya antchito, ndalama zawo za uchembere zimachokera m'thumba la inshuwalansi limene ambiri amasonkhamo. Chikukanika n'chiyani kuti thumba lotere lifikenso kwa ena onse, boma n'kuponyamo gawo lake?

Chachiwiri chikundidabwitsa kwambiri. Bambo wogwira ntchito m'boma lalikulu la India amapatsidwa masiku 15 mkazi wake akachira. Bambo wa pakampani alibe tsiku ngakhale limodzi limene lamulo limamulonjeza. Zimatengera chifundo cha bwana. Mayi masabata 26, bambo ayi ndithu. Kodi pamenepa lamulo silikuuza banja lonse kuti khanda ndi la mayi? Malawi ndi dziko losauka, sitipanga ndege kapena mankhwala ngati inu, koma mu 2021 tinaika m'lamulo masabata awiri a abambo. N'zochepa, ndipo sindinganame kuti abambo onse amathera masikuwo akuchapa matewera, ena amawathera pa bawo. Komabe zinalembedwa.

Boma lanu lomwe linafufuza mu 2019 mmene anthu amagwiritsira ntchito nthawi, n'kupeza kuti amayi amathera mphindi 299 patsiku pa ntchito zapakhomo zosalipidwa, abambo mphindi 97. Maola pafupifupi asanu amenewo ndiwo anamudya mnzanga, osati ulesi kapena kuchepa nzeru. Nzeru zokha akazi a kwanu ali nazo, dziko lonse linaona. Muthayya Vanitha ndi Ritu Karidhal ndiwo anatsogolera ntchito yotumiza chombo cha Chandrayaan-2 kumwezi mu 2019, ndipo Chandrayaan-3 itatera pamwezi pa 23 Ogasiti 2023, Kalpana Kalahasti anali m'gulu la akuluakulu ake. Zithunzi za amayi ovala sari akukumbatirana ku ISRO, bungwe la India lofufuza zakuthambo, tinazitumizirana pa WhatsApp mpaka ku Lilongwe. Koma ngakhale Indra Nooyi anafotokozapo poyera kuti usiku umene anabwera ndi uthenga woti wakwezedwa kukhala pulezidenti wa PepsiCo, kampani yaikulu yopanga Pepsi, mayi ake anayamba amutuma kukagula mkaka, mwamuna wake ali m'nyumba momwemo. Ngati zinachitikira iyeyo, nanga kalaliki wa ku Nagpur?

Ndikudziwa mudzandionetsa ziwerengero zoti amayi ogwira kapena ofunafuna ntchito akwera kuchoka pa 23.3 peresenti mu 2017-18 kufika pa 41.7 mu 2023-24. N'zoona. Koma kukwera kwakukulu kwachitika kumidzi, pakati pa amayi olima ndi odzilemba okha ntchito, ambiri akuthandiza m'munda kapena m'kabizinesi ka banja osalandira kanthu. Amenewo lamulo la masabata 26 siliwakhudza n'komwe.

Malamulo amasintha, koma amachedwa mpaka munthu kukalamba. Selina John, namwino wa asilikali, anachotsedwa ntchito mu 1988 chifukwa chokwatiwa basi. Khoti Lalikulu la India linadzagamula mu Febuluwale 2024 kuti analakwiridwa, n'kulamula kuti apatsidwe marupi 6 miliyoni. Zaka zoposa 35 zinali zitapita, ndipo ndalama sizibweza yunifolomu imene sanaivale.

Pempho langa ndi lakuti mtolo wa malipiro a uchembere ugawidwe, abambo a m'makampani apatsidwe tchuthi chawochawo chosasinthanitsa ndi cha mkazi, ndipo oyendera malo a ntchito a unduna wanu azipita kukaona ndi maso ngati malo a ana alipodi komanso ngati mayi angafikeko wapansi.

Mnzanga uja tinalankhula mwezi watha. Akuphunzira pa intaneti usiku anthu onse akagona, ndipo wayambanso kutumiza makalata ofunsira ntchito. Anandifunsa ngati ndi bwino kuchotsa pa CV mzere wonena kuti ndi wokwatiwa.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wa ku Lilongwe amene anaphunzira ku Pune