Kwa Chikondi, pa nkhani ya sitolo ya ku Area 25

Mwana wanga Chikondi,

Landira moni wa kuno ku Mitundu. Tonse tili bwino, ndipo mwendo wa bambo ako wayamba kupepuka. Mlongo wako wandiuza kuti anthu akusankha kukhala mlembi wa komiti yokana sitolo yaikulu imene akufuna kumanga pa bwalo lija la kuseri kwa msika. Ndakondwa nazo, komanso mtima uli m'mwamba, n'chifukwa chake ndati ndikulembere.

Ine ndili kumbali yako. Amene sanagulitsepo pa benchi amayesa kuti mukuchita nsanje ndi chitukuko. Sitolo yaikulu imaoda katundu wodzaza lole, mtengo n'kutsika, pamene mayi wa pa okala amakapikula katoni imodzi ku Bwalo la Njovu, n'kulipiranso minibasi ndi kabaza. Awiriwa sangapikisane. Komatu zimene mayiyu amachitira anthu, sitolo singachite. Amayeza mafuta a pa supuni, amadula sopo pakati, amamanga ufa wongokwanira nsima ya usiku umodzi, ndipo ukabwera chimanjamanja amakulemba m'kope kuti udzalipire mwezi ukatha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mabanja ambiri m'makomboni anadya chifukwa cha kope limeneli. Iwenso fizi yako ya Fomu 3 inachokera pa tomato ndi bonya, usaiwale. Maokala akatsekedwa, wosauka adzakongola kwa yani?

Koma kukuwa kuti "sitikufuna" sikuimitsa thalakitala. Malo a mu mzinda amayendera mapepala, ndiye inunso gwirani mapepala. Pitani ku khonsolo mukafunse kuti pa mapu a dera lanu bwalolo linalembedwa chiyani. Ngati anali malo osewererapo ana, anawasintha ndani kukhala a malonda, liti, ndipo chidziwitso anachimata pati? Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho palibe woti akubwezeni pakhomo ngati mwadzapempha mchere. Funsani polemba kalata, adinde chidindo pa kope lanu, mulisunge. Mufunsenso ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ngati eni ntchitoyo anapereka lipoti la momwe chimangocho chidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, monga lamulo la 2017 limanenera pa ntchito zikuluzikulu, ndiponso kuti pa msonkhano wofunsa maganizo a anthu anaitanidwa ndi ndani.

Pa lipotilo ukakamire nkhani ya madzi. Bwalo lija limamwa mvula. Akalithira konkire ndi phula loimikapo magalimoto, madzi onse adzatsetserekera kumunsi, kumene nyumba zambiri ndi za zidina. Unaona wekha zimene mtsinje wa Lingadzi unachita ku Mtandire mu February 2017. Afunseni ngalande zidzalowera kuti.

Pali anyamata amene akuifuna sitoloyo chifukwa akuyembekeza ntchito. Usawanyoze, ndi ana athu omwe, ena ali ndi ma MSCE ali m'nyumba chaka ndi chaka. Aitaneni ku misonkhano, afunse okha kuti ntchitozo ndi zingati, zokhazikika kapena zaganyu, nanga kabichi ndi mazira azidzagula kwa alimi a kuno kapena ayi. Muwakumbutse kuti masitolo a PTC anali ponseponse, lero ali kuti? Sitolo ikaluza imatseka n'kupita, koma bwalo likamangidwa silibwerera. Ndipo ngati zitavuta kuti amangabe, komiti ikhale itakonzeratu zoti ipemphe: shedi ya amayi a pa msika, bwalo lina la ana, ngalande. Zonsezo zilembedwe ndi kusainidwa, zapakamwa zimauluka.

Tsopano chimene chikundisowetsa tulo. Tsiku lina wina adzakuitanira pambali, mwina wa suti, mwina mnzako wa mu komiti momwemo, n'kukupatsa envelopu ati ya mayunitsi. Usailandire, ngakhale lendi itakuthina. Amayi aja akuponya ma K500 awo m'mbale chifukwa akhulupirira dzina lako. Ndalama iliyonse uziilemba ndi kuiwerenga pagulu, ndipo kokakumana ndi khansala kapena eni sitolo usamapite wekha. Andale nawo adzabwera ndi nsalu za chipani. Alandireni mwaulemu, koma asakhale pa mpando.

Mukaganiza zoyenda pa msewu, dziwitsani a DC nthawi ilipo monga lamulo likufunira, ndipo mukhale ndi anthu oyang'anira gulu. Pa 20 July 2011 masitolo anaswedwa, anthu n'kufa, ena mwa iwo muno mu Lilongwe. Mwala umodzi ukangoponyedwa, nkhani ya bwalo yatha, yatsala ya polisi. Ndiponso ndisamve kuti mkwiyo wanu wagwera wa golosale wina chifukwa choti ndi wobwera. Iye sanagulitse bwalo.

Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya m'mawa. Uwauze amayi a ku mzere wa tomato kuti ndidzakhala nawo pa msonkhano, ndipo undisungire makalata onse amene mwalemba kale ndidzawaone. Nyemba zako ndibwera nazo.

Ndine mayi ako,
Nachisale