Pempho la komiti ya zaumoyo ya mudzi: tithandizeni kupeza otsogolera chisamaliro cha odwala matenda a maganizo

Kwa akuluakulu a zaumoyo, mabungwe, mipingo ndi mizikiti, ndiponso ana a mudzi uno amene mukukhala m'tauni kapena kunja kwa dziko,

Ife a komiti ya zaumoyo ya mudzi uno, titakhala pansi ndi agulupu pamodzi ndi nyakwawa zawo, tagwirizana zokulemberani pa nkhani imene takhala tikuikamba monong'ona kwa zaka zambiri, ya abale athu odwala matenda a maganizo ndi khunyu. Tikupempha kuti mutithandize kuphunzitsa anthu awiri a m'mudzi muno, mayi ndi bambo, ndi kuwapatsa zipangizo, kuti akhale otsogolera mgwirizano pakati pa mabanja a odwala ndi achipatala.

M'dziko muno chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndi cha ku Zomba, ndipo palinso zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Munthu wa kumudzi akadwala amayambira pa chipatala chaching'ono, kenako amatumizidwa ku chipatala cha boma, kumene kuli namwino wophunzira za matenda a maganizo, ndipo amapita ku Zomba pokhapokha zinthu zikafika povuta. Akapezako bwino amabwezedwa kwawo ndi mankhwala a masiku owerengeka, ndipo m'buku lake la kuchipatala amamulembera tsiku loti akaonedwenso kufupi ndi kwawo. Dongosololi ndi labwino, koma chingwe chimadukira pa tsiku lolembedwalo, chifukwa m'mudzi mulibe munthu amene ntchito yake ndi kulikumbukira.

Dzinja lapitali tinaitanidwa pa khomo lina pamene mnyamata anali atamangidwa pa mtengo wa mango ndi mphira za njinga, manja atatupa. Mayi ake analowa m'nyumba n'kutulutsa buku lake, lokulungidwa bwinobwino m'jumbo ya shuga, ndipo titalitsegula tinapeza kuti tsiku lokaonana ndi namwino linadutsa kalekale. Mayiwo sadziwa kuwerenga, ndipo ataona mwana wawo wayambiranso kugwira khasu anaganiza kuti wachiriratu. Mankhwala amene ankamwa ankamuumitsa thupi, manja ankanjenjemera, dovu lili chuchuchu, moti amalume ake analamula kuti asiye chifukwa akumuonjezera matenda, n'kupita naye kwa sing'anga. Panalibe amene anawafotokozera kuti mankhwala ngati chlorpromazine ndi haloperidol amatha kutero, ndiponso kuti namwino akauzidwa amatha kuchepetsa mlingo kapena kupereka mankhwala ena ofewetsa thupi. Banjali silinam'mange chifukwa cha nkhanza, linangosowa munthu woti alifunse.

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, tili ndi amayi amene sagona mvula ikayamba kugunda pa malata. Tili ndi ana a khunyu amene anasiyitsidwa sukulu chifukwa anthu amakhulupirirabe kuti matendawa ndi opatsirana, pamene si zoona. Taikanso m'manda abambo amene anadzipha atapanikizika ndi ngongole za katapila, ndipo pa maliro awo aliyense ankati zizindikiro anaziona koma sanadziwe kokanena.

Mwina mungafunse kuti nanga mlangizi wa zaumoyo ntchito yake ndi yotani. Mlangizi wathu timam'yamikira, koma iye yekhayo ndi amene ali ndi sikelo ya ana, katemera, kuyendera zimbudzi ndi kuthira mankhwala m'zitsime kolera ikabuka, ndipo midzi imene amayang'anira ndi yambiri. Anthu awiri amene tikuwapemphera thandizowa azidzagwira ntchito pansi pa iyeyo, osati kum'landa udindo. Sadzapereka mankhwala kapena kuuza munthu dzina la matenda ake, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya achipatala. Iwo azidzasunga mwachinsinsi masiku a odwala amene avomera okha, kuwakumbutsa, kuperekeza amene alibe wowaperekeza, ndi kuimbira namwino msanga akaona kuti wina wasiya kugona kapena wayamba kulankhula zodzipha. Azidzapatsidwa mpata wolankhula pa bwalo la amfumu ndi m'mapemphero, ndipo tikufuna kuti mmodzi wa iwo akhale ndi mpando mu komiti yoyang'anira chipatala chathu chaching'ono, kuti mankhwala akatha kapena galimoto ya namwino ikalephera kubwera, dandaulo lizifika koyenera. Asing'anga ndi abusa sitikufuna kukangana nawo, popeza ndi kumene anthu amayambira kuthamangira. Tikufuna otsogolerawa azikhala nawo pansi n'kugwirizana kuti wodwala asaletsedwe kumwa mankhwala.

Komiti inakambirana nthawi yaitali za amene angayenere udindowu, ndipo ena ankafuna kuti apatsidwe achibale a mfumu monga zimakhalira ntchito ikabwera ndi njinga. Tinamanga mfundo yoti mmodzi akhale munthu amene anadwalapo n'kupeza bwino, kapena amene wasamalirapo wodwala pakhomo pake, chifukwa mawu a munthu wotero amamveka kuposa athu. Bungwe la MeHUCA, limene limasonkhanitsa odwala ndi owasamalira m'dziko muno, likuyendera maganizo omwewa, ndipo ku Zimbabwe ntchito ya Friendship Bench, imene inayambitsidwa ndi Dixon Chibanda ku Harare, inaonetsa kuti agogo wamba akaphunzitsidwa amatha kuthandiza anthu a nkhawa pokhala nawo pa benchi, kuwamvetsera ndi kuwathandiza kupeza njira zothetsera mavuto awo.

Mbali yathu tayambapo kale. Amfumu alamula kuti wogenda kapena kunyoza wodwala azilipa nkhuku, ndipo mabanja avomera kusonkha chimanga pokolola kuti otsogolerawa asamasiye minda yawo pachabe. Chimene sitingathe patokha ndi maphunziro, amene tikupempha ofesi ya zaumoyo ya boma lathu kapena bungwe lodziwa ntchitoyi kuti liwapereke, ndipo namwino aziwaunika pafupipafupi. Tikupemphanso njinga zakapalasa ziwiri, foni imodzi ndi mayunitsi ake, makope, ndi kathumba ka ndalama yolipirira kabaza pamene wodwala sangathe kuyenda. Chilichonse cholandiridwa chidzalembedwa m'kaundula ndi kuwerengedwa pa msonkhano wa mudzi miyezi itatu iliyonse, ndipo wothandiza aliyense adzalandira lipoti lomwelo.

Tikulakalaka kuti pofika pa 10 Okutobala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira za umoyo wa maganizo, tidzakhale titawaonetsa anthu awiriwa pa bwalo. Amene mwakhudzidwa mutipeze kudzera kwa agulupu kapena kwa mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la sikelo.

Ife anu,
Wapampando ndi mlembi, m'malo mwa komiti ya zaumoyo ya mudzi