Manesi alipidwe, zipatala zikhale ndi okosijeni

Akonzi,

Boma la Zimbabwe lisiye kuloza chala manesi amene ananyanyala ntchito mu 2020, vuto lili kwa akuluakulu.

Tsiku lina m'chaka chimenecho ndinathamangira ndi mayi anga kuchipatala china muno mu Harare akubanika. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nesi anali mmodzi yekha, wopanda magolovesi, maso ali psuu ndi tulo. Okosijeni akuti tikasake tokha, pamadola a ku America. Ife ogulitsa tomato ku Mbare, amene lockdown ya Covid-19 ya pa 30 March 2020 inatidyera mpamba, tiwatenga kuti?

Amene anali nduna ya zaumoyo, a Obadiah Moyo, anachotsedwa mu July 2020 pa nkhani ya kontirakiti yogula zipangizo za Covid-19 ku kampani ya Drax, ya madola pafupifupi 60 miliyoni. Ndalama zimenezo ndi masilinda angati a okosijeni?

Boma lizisindikiza m'nyuzipepala mwezi uliwonse momwe ndalama za Covid-19 zayendera, ndipo manesi alandire malipiro ogulira chakudya.

Wokhudzidwa,
Mbare, Harare