Mkonono wa alamu wandisowetsa tulo

Green Bay, usiku wa pa 27 Disembala

Nachisale mnzanga,

Kalata yako yafika Lachinayi m'chikwama cha Esinati, pamodzi ndi usipa ndi mfutso uja. Usipa wayenda bwino. Mfutso wokha ndiye wasanduka fumbi m'njira, koma ndauthira nsinjiro ndithu n'kudyera nsima ya ufa wa kuno umene sugwirana ngakhale uvundule mpaka mkono kuwawa. Uwauze mayi kuti ndalandira ndi manja awiri. Esinati akuti zovala zake zonse zikununkha ku Mangochi, ndipo walumbira kuti sadzanyamuliranso munthu katundu. Amalumbira chaka chilichonse ameneyo.

Ndikulemba ndili pa ntchito. Nthawi yapitirira 2 koloko, agogo amene ndimawasamalira agona, kunja sinowo wafika m'mawondo. Dzulo basi inachedwa, ndinaima pa siteji mpaka zala zakumiyendo osazimvanso, ndipo nsapato zija ndinagula mwezi watha zayamba kale kulowa madzi. Mayeso a unamwino aja ndakhoza, zotsatira zinatuluka sabata yatha, ndidzakufotokozera bwino tsiku lina. Chandikhazika pansi lero ndi china.

Ndinaseka mpaka misozi pamene umafotokoza za mkonono wa alamu. Zoti wasamukira pabalaza ndi mphasa yako, zoti Tamanda akuti m'nyumba mwanu mwatsegulidwa chigayo, zoti aneba anafunsa ngati mwagula jenereta. Alamuwo ndimawadziwa. Paja pa ukwati wa Lonjezo anagona m'tchalitchi abusa ali pakati pa ulaliki, kukamwa kuli yasa, ife kumbuyo tikutsinana. Koma nditafika pamzere uja unalemba kuti nthawi zina mkonono umaduka, kumangoti zii, iwe n'kumadikira kuti apumenso, kenako iwo n'kudzidzimuka ngati munthu wotsamwa ndi minga ya nsomba, kuseka kunandithera pomwepo. Mzere umenewo ndauwerenga kanayi. Umenewo si mkonono wamba, Nachisale, ndipo ndikufuna ndikuuze za munthu wina wa kuno kuti umvetse chimene ndikuopa.

Pakhoma la pabalaza m'nyumba ya agogowa pali malaya a mpira obiriwira, oikidwa m'galasi ngati satifiketi, olembedwa nambala 92. Galasi limeneli ndalipukuta zaka ziwiri tsopano. Mwini nambalayo anali Reggie White. Agogo amaiwala ngati adya kapena ayi, dzina langa amalisokoneza ndi la mwana wawo, koma za Reggie White saphonya ngakhale chaka chimodzi. Dzulo pa 26 anandituma kuti nditsitse buku lawo lomatamo nkhani zodula m'nyuzipepala, chifukwa ndi tsiku limene munthuyo anamwalira mu 2004. Tinakhala nalo madzulo onse, chakudya mpaka kuzizira.

Mpira wa kuno usauyerekeze ndi wa Bullets ndi Wanderers. Mpirawo ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, amathamanga nawo m'manja, ndipo osewera amavala zipewa zolimba ngati za panjinga yamoto. Mbali iliyonse amakhala 11. Asanayambe, zimphona za mbali zonse ziwiri zimawerama pamzere kuyang'anizana, dzanja lili pansi, ngati nkhunzi zofuna kugundana. Kumbuyo kwa mzere umodzi kumaima woponya mpira, amene amamutcha quarterback, ndipo timu yonse imadalira mkono wa ameneyo. Ntchito ya Reggie inali kuboola mzere wa omutchinga n'kukamugwetsa woponyayo mpira usanachoke m'manja mwake. Kugwetsa kumeneko amati sack, ndipo amakuwerengera munthu monga mmene ife timawerengera zigoli. Iye anagwetsa ka 198 mu ligi yawo yaikulu ya NFL. Mmene ankapuma panalibe womuposa. Anadzamupitirira ndi Bruce Smith mu 2003, amene anathera pa 200.

Agogo anandionetsa pa kanema mmene ankachitira. Munthu wamtali pafupifupi mamita awiri, wolemera makilogalamu oposa 130, kupitirira matumba awiri ndi theka a chimanga, koma liwiro ngati mnyamata wa ku sekondale. Ankayamba ngati akufuna kuzemba cham'mbali, womutchingayo n'kupendekera komweko, basi iye n'kulowetsa mkono m'khwapa mwa mnzakeyo n'kumuponyera uko ngati thumba la madeya. Komatu woponyedwayo naye ndi chimunthu cholemera chimodzimodzi! Matimu ankachita kumuikira anthu awiri. Agogo pofotokoza amakweza chigongono chawo chowonda chija kutsanzira, ine n'kumathamangira kugwira kapu ya tiyi kuti asaitaye.

Anabadwira ku Chattanooga, m'chigawo cha Tennessee, pa 19 Disembala 1961. Ali ndi zaka 17 anadzozedwa kukhala mlaliki wa mpingo wa Baptist, ndiye ku yunivesite ya Tennessee anamupatsa dzina loti Minister of Defense, pakuti m'Chingerezi liwu la m'busa ndi la nduna ndi limodzi. Kwathu tikanati Nduna ya Zachitetezo yoyenda ndi Baibulo m'khwapa. Atamaliza sukulu anasewera zaka ziwiri ku Memphis Showboats, mu ligi ina imene sinakhalitse, kenako mu 1985 analowa Philadelphia Eagles. Kumeneko anakhala zaka 8 n'kugwetsa oponya mpira ka 124 m'masewero 121. Mu 1987 osewera ananyanyala ntchito, iye anangosewera masewero 12 okha, komabe anagwetsa ka 21 ndipo anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana onse m'ligi. Ulemu umenewu anadzaulandiranso mu 1998, ali ndi zaka 37.

Chimene agogo amamukondera kwenikweni ndi mmene anabwerera kuno. Nthawi imeneyo katswiri ngati iye sankatha kuchoka pa timu mwakufuna kwake, ngakhale kontirakiti itatha. Osewera anakasuma ligi kukhoti, mlandu wina unali m'dzina la Reggie yemweyo, ndipo mu 1993 anagwirizana kuti munthu akhoza kusankha kopita. Matimu a m'mizinda ikuluikulu anamuthamangira. Green Bay ndi tauni yaing'ono, anthu ake angopitirira 100,000, kozizira koopsa, ndipo osewera akuda ambiri sankafuna n'kumva komwe za kuno. Iye anati apita kumene Mulungu amutume. Ndiye mphunzitsi wa timu ya kuno ya Packers, Mike Holmgren, anamuimbira foni n'kusiya uthenga ngati ndi Mulungu akumuuza kuti apite ku Green Bay. Agogo akafika pamenepa amaseka mpaka kutsokomola. Anabweradi, pa kontirakiti ya zaka 4 ya madola 17 miliyoni, ndipo akatswiri ena anayamba kumutsatira. Mu Januwale 1997 ku New Orleans, Packers inagonjetsa New England Patriots 35 kwa 21 n'kutenga chikho cha Super Bowl, chimene tauni ino inachidikira zaka 29. Tsiku limenelo Reggie anagwetsa Drew Bledsoe katatu, kawiri motsatizana. Lero pafupi ndi bwalo la Lambeau Field pali msewu wa dzina lake, ndipo nambala 92 ija palibenso amene amaivala pa timuyi.

Chaka chimodzi chikhocho chisanabwere, tchalitchi chimene ankatumikirako ku Knoxville chinaotchedwa, ndipo anthu a kuno anasonkha ndalama zothandizira. Agogo akuti nawonso anatumiza kangachepe. Sikuti anali munthu wosalakwa. Mu 1998 analankhula kunyumba ya malamulo ya Wisconsin mawu amene anakhumudwitsa anthu ambiri, ndipo agogo akafika patsamba limenelo amangopukusa mutu n'kutsegula lina. Anapuma, anabwereranso chaka chimodzi ku Carolina Panthers mu 2000, n'kusiyiratu. Zaka zake zomaliza anazithera pophunzira Chiheberi kuti aziwerenga yekha malemba m'chinenero chake choyamba.

Tsopano tamvera, Nachisale. Munthu ameneyu, amene amuna awiri ankalephera kumuimitsa, anatsirizika Lamulungu m'mawa, Khirisimasi itachitika dzulo lake, ku North Carolina kumene ankakhala, patangotha sabata imodzi atakwanitsa zaka 43. Zaka 43! Alamu ali ndi zingati, si 46 kodi? Anasiya mkazi wake Sara ndi ana awiri. Madokotala atamupima anati mtima unasokonekera kagundidwe chifukwa cha nthenda yotchedwa sarcoidosis, imene inagwira mtima ndi mapapo, ndipo anatchulanso kuti vuto lobanika kutulo, limene amati sleep apnea, likhoza kukhala kuti linawonjezera moto. Vutolo ankalidziwa. Makina othandiza kupuma usiku anali nawo, koma chophimba kumaso chake chinkamusowetsa mtendere moti sankachivala mmene zimafunikira. Mkazi wakeyo pambuyo pake anayambitsa bungwe m'dzina la mwamuna wake lothandiza anthu a matenda a kutulo. Ndimamuganizira mayi ameneyo. Nayenso anagona zaka zambiri pambali pa mkonono, ngati iweyo.

Zimene unalemba zija ndi zomwezo tinaphunzira m'kalasi. Munthu akagona minofu ya pakhosi imalefuka, njira ya mpweya n'kutsekeka, makamaka kwa anthu a khosi lalikulu ngati alamu. Amatha masekondi 10 kapena kupitirira osapuma, mpweya wabwino m'magazi n'kutsika, ubongo n'kumudzidzimutsa kuti apume, ndipo zimenezi zikhoza kubwerezeka kambirimbiri pa ola limodzi mwini wake osadziwa kanthu. Mtima umagwira ganyu usiku wonse. BP imakwera. M'mawa mutu kuwawa, masana kuwodzera paliponse, ngakhale m'tchalitchi pa ukwati wa Lonjezo. Zija tinkasekazo zinali zizindikiro, ife osadziwa. Ndiye ukandiuzanso kuti akuyendabe ndi thiraki ulendo wa ku Beira, mtima wanga ukuchita kuuluka. Ndikatseka maso ndikuona thiraki yodzaza katundu pamsewu wa Tete, dzuwa lili pamutu, iwo mutu ukugwera pachiwongolero. Usiku wa Lachinayi ndinalota zomwezo, ndinadzuka thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsechi.

Ndikudziwa kale zimene ayankhe. Ati iwo ndi mwamuna wamphamvu, sanagonepo m'chipatala chibadwire, bambo awo ankaliza mkonono mpaka kukalamba. Uwawerengere kalatayi yonse, usadumphe mzere, ndipo uwafunse ngati angathe kunyamula munthu wa makilogalamu 130 ndi mkono umodzi. Akati ayi, mawa lomwelo avale jekete mupite kuchipatala.

Musanapite, chita izi. Usiku akayamba, tenga foni uwajambule mphindi zingapo, makamaka pamene pamati zii paja, kuti dokotala ku Queens akadzionere yekha, chifukwa alamu akakalowa okha akangonena kuti akumva bwinobwino. Akayezetse BP ndi shuga. Azigona cham'mbali, osati chagada. Ena kuno amasokera kampira ka tenesi kumsana kwa malaya ogonera kuti munthu akatembenuka kazimubaya, iwe makina osokera uli nawo. Mowa wa madzulo uja achepetse, umalefula khosi kwambiri, ndipo mitanda inayi ya nsima ija itsike ifike iwiri, ngakhale akwiye. Komanso iwe pinda mphasa ubwerere kuchipinda. Ndikudziwa tulo sukuliona, koma ukakhala pabalaza adzawagwedeza ndani?

Makina aja amati CPAP. Agogo anga ali nawo, ndimawaveka ndine usiku uliwonse, ndipo pano ndikulemba ndikuwamva akupuma bwinobwino kuchipinda. Amangopopera mpweya pang'onopang'ono m'mphuno kuti khosi lisatsekeke. Masiku oyamba ankawavula n'kuwataya pansi, tinalimbana mwezi wathunthu, lero sagona popanda iwo. Ngati dokotala anena kuti alamu akufunika amenewa, undiuze msanga, ndifunsa mtengo kuno ndipo Esinati adzanyamula ngakhale alumbire chotani. Chotsala ndi kuganiza za magetsi akazima usiku, mwina batire ingathandize, alamuwo za mabatire amazidziwa kuposa ine.

Ndalama za yunifomu ya Tamanda nditumiza ndikalandira, umuuze asiye kukula mofulumira chotere. Za maliro a aNgozo unangolemba mzere umodzi, sunandiuze kuti anadwala chiyani ndiponso kuti ana aja atsala ndi ndani. Pepala landithera, ndikulemba m'mphepete, ukaona zilembo zikupendekera usadabwe. Ndimafunanso ndikufunse za munda wa kumudzi uja, ngati feteleza munamupeza, chifukwa achimwene anandiimbira kuti

Agogo aliza belu, chophimba chija chiyenera kuti chasuntha. Undiyankhe za alamu sabata ino.

Ndine mnzako,
Naphiri