Kalata kwa makolo potseka teremu: mwana akati mutu waima

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi onse. Teremu yatha, mayeso achongedwa, ndipo lipoti la mwana wanu labwera pamodzi ndi kalata ino. Tikuthokoza kwambiri inu nonse amene mwakhala mukubwera tikakuitanani ngakhale muli ndi zochita zambiri. Za malikisi muwerenga nokha pa lipotipo. Pano ndikufuna tikambirane nkhani imene lipoti silingakuuzeni.

Pochonga mayeso, aphunzitsi a makalasi osiyanasiyana adandaula chinthu chimodzi. Mafunso oloweza ana akuyankha bwino. Koma pakafika poti alembe chimangirizo, apeke nthano, kapena asove samu yofunsidwa mwanjira yachilendo, mapepala ambiri akubwerera oyera. Ena ali ndi mzere umodzi wokha, wofufutidwa mpaka pepala kubooka. Ukamufunsa mwanayo amangoti, "Mutu unangoima." Chodabwitsa n'chakuti ambiri otere ndi ana okhoza bwino, omwe sajomba ndipo sachedwa.

Ine ndikuona kuti gwero lake ndi mantha olakwa. Mwana amene wazolowera kuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi, ndipo yankholo alisunga aphunzitsi, akauzidwa kuti "lemba maganizo ako" amaona ngati akumutchera msampha. Ndiye amalemba uku akudzichonga yekha. Chiganizo chisanathe n'komwe, wachiweruza kale kuti n'chopusa, n'kuchifufuta. Palibe munthu, ngakhale wamkulu, amene angapeke ndi kuweruza nthawi imodzi n'kutuluka ndi kanthu.

Mantha amenewa nthawi zina timawadzala ndi mawu abwino. Mu 1998 akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anafalitsa kafukufuku amene anachita pa ana a zaka 10 mpaka 12 ku America. Ana atayankha mafunso osavuta, ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Kenaka anawapatsa mafunso ovuta. Oyamikiridwa nzeru aja anafooka msanga, ndipo atabwerera ku mafunso osavuta anakhoza mochepa kuposa poyamba. Ambiri mwa iwo, popatsidwa mwayi wosankha, ankafuna ntchito yosavuta kuti asaoneke olephera, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse ananama pouza anzawo malikisi awo. Mwana akamva tsiku ndi tsiku kuti "mwana wanga ndi wanzeru", amayamba kuteteza dzinalo, ndipo njira yachidule yolitetezera n'kupewa chilichonse chimene angachilakwe. Mukaona ntchito yake, mufunseni kuti anaipeza bwanji njirayo ndiponso pamene panamuvuta. Mafunso amenewo amamuuza kuti mukufuna kuona mmene waganizira.

Palinso chotchinga china chimene sichichokera ku mantha koma ku chizolowezi. Katswiri wa ku Germany, Karl Duncker, anali ndi mayeso ake amene anafalitsidwa m'Chingerezi mu 1945, ndipo mutha kuwayesa kunyumba. Munthu amapatsidwa kandulo, machesi ndi kabokosi kodzaza ndi timisomali tokhomera mapepala. Ntchito yake ndi kumangirira kanduloyo kukhoma lathabwa kuti ikamayaka phula lisadonthere patebulo. Ambiri amalimbana n'kukhomera kanduloyo ndi timisomali, ena amasungunula phula kuti aimate kukhoma. Yankho lake ndi kukhuthula timisomalito, kukhomera kabokosi kukhoma, n'kuimika kandulo m'kabokosimo. Koma taonani izi: kabokosiko akakapereka kopanda kanthu, timisomali tili pambali, anthu ambiri amalipeza yankho mosavuta. Kakakhala kodzaza, maso amangokaona ngati chosungira timisomali basi. Ana athu amachita chimodzimodzi ndi samu: njira imene anaiphunzira pa mutu wina saiganizira n'komwe pa mutu wina.

Mankhwala ake ndi masewera, ndipo safuna ndalama. J. P. Guilford, katswiri wina wa ku America, ankayeza luso lotulukira zatsopano pofunsa anthu kuti njerwa ingagwire ntchito zingati kupatula kumangira nyumba. Yesani ndi ana anu madzulo, ndi njerwa, botolo kapena sokosi yopanda inzake. Lamulo ndi limodzi: palibe kuseka yankho la mnzako mpaka mayankho atatha. Mayankho oyamba amakhala wamba. Osangalatsa amabwera pamene aliyense akuti "zatha", ndiye musathamangire kutseka.

Tsopano za mwana amene wakhala patebulo ola lathunthu, samu yamukanika, misozi ili pafupi. Makolo ambiri pamenepa timachita chimodzi mwa ziwiri, kumukalipira kuti asadzuke mpaka aipeze, kapena kumulanda pensulo n'kumusovera. Zonsezi sizimuthandiza. Muuzeni atseke kope, akayende. Katswiri wa masamu wa ku France, Henri Poincaré, anasimba yekha kuti atalimbana ndi vuto lina la masamu kwa milungu, anachoka kupita paulendo wokaona miyala, ndipo mfundo imene ankaisowa inamubwerera pamene ankaponda chitsulo chokwerera ngolo yonyamula anthu m'tauni ya Coutances, asakuganizako za masamu. Mu 1926 Graham Wallas anafotokoza kuti ganizo latsopano limadutsa magawo anayi: kukonzekera, kulisiya lifungatire, kutulukira, ndi kuliyesa ngati n'loona. Kusukulu nthawi yathu yambiri imathera pa gawo loyamba ndi lomaliza. Lachiwirilo belu sililola.

Asayansi anaziyesa zimenezi. Mu 2014 Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz a ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti anthu akamayenda amatulutsa maganizo atsopano ochuluka ndi pafupifupi 60 peresenti kuposa akakhala pansi, ngakhale akuyenda pa makina m'chipinda atayang'ana khoma lopanda kanthu. Koma pa mafunso ofuna yankho limodzi lenileni kuyendako sikunathandize. Choncho ayende pofuna poyambira, abwerere pampando pomalizitsa. Mu 2004 ofufuza a ku Lübeck ku Germany anapatsa anthu ntchito ya manambala imene inali ndi njira yachidule yobisika. Mwa amene anagona maola 8 asanabwerezenso, pafupifupi 6 mwa 10 anaitulukira njirayo, kuposa kawiri poyerekeza ndi amene anakhala maso. Madokotala a za tulo amalangiza kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Mwana amene amawerenga mpaka pakati pa usiku mayeso ali mawa amadzilanda yekha chida chachikulu.

Pano ndichenjeze, chifukwa ndikudziwa kuti ana ena awerenga kalata ino musanaiwerenge inu, ndipo asangalala ndi ndime yapitayi. Kupuma kumathandiza amene walimbana kaye. Poincaré anakwera ngoloyo atatha milungu patebulo. Mwana amene wangoyang'ana funso kamodzi n'kunena kuti akukayenda kuti nzeru zibwere, ameneyo akuthawa ntchito, mubwezeni. Ndipo kwa ine kugwira foni si kupuma kotereku ayi, chifukwa mutu umadzazidwa ndi zina, susiyidwa kuti uyendeyende wokha.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti musadzaze tchuthi chonse ndi maphunziro apadera. Amene watsalira pa phunziro lina athandizidwe ndithu. Koma mwana asowe chochita nthawi zina. Akabwera n'kudandaula kuti akuboweka, musafulumire kumupezera chomusangalatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita mphindi zingapo mudzamupeza akumata makatoni kapena akulamula anzake pa masewera amene wawapeka yekha.

Ena mumadandaula kuti mwana wanu amangotengera za ena, alibe zake. Musade nkhawa kwambiri, bola asabere pa mayeso. Louis Braille, amene anachita khungu ali wamng'ono, sanayambire pachabe. Pa sukulu ya ana osaona ku Paris anakumana ndi kalembedwe ka timadontho totukuka ka Charles Barbier, kamene kankagwiritsa ntchito timadontho tofika 12 pa chizindikiro chimodzi, tochuluka moti nsonga ya chala sinkatha kutikhudza tonse kamodzi. Iye anatichepetsa kufika pa 6, ndipo pofika 1824, ali ndi zaka 15, kalembedwe kake kanali kataumbika. Mwana akajambula chotengera, mufunseni kuti akanakhala iye akanasintha pati.

Pa tchuthi chino pempho lathu ndi laling'ono. Mwana aliyense akhale ndi kope limodzi, ngakhale la masamba otsala m'makope akale, limene palibe adzalichonge. Tsiku lililonse alembemo kapena ajambulemo kwa mphindi 10 osafufuta kanthu. Akasowa cholemba, alembe kuti wasowa cholemba, apitirize mpaka china chibwere. Inu makolo musakonze kalembedwe ka mawu m'kope limeneli, ngakhale manja akuyabweni. Kukonza tidzachita m'kalasi, nthawi yake ikakwana.

Koma ngati mwana wasiya kukondwa ndi chilichonse, ngakhale masewera amene ankawakonda, sakugona bwino, kapena amayandikitsa buku kumaso ndi kudandaula mutu, imeneyo ndi nkhani ina. Pitani naye kuchipatala ndipo mutidziwitse, musadikire kuti sukulu itsegule.

Tsiku lotsegulira ndi zofunika kubwera nazo zalembedwa kuseri kwa lipoti. Mabuku a sukulu amene ali kunyumba abwezedwe sabata yoyamba. M'sabata yomweyo mwana aliyense adzapatsidwa mpata woonetsa anzake chinthu chimodzi chimene wapanga yekha pa tchuthi, kaya ndi nthano, chojambula, nyimbo kapena kamakina kamene kakukana kuyenda. Sipadzakhala malikisi kapena mphoto, ndipo chonde musamupangire.

Tikufunirani tchuthi chabwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu